Miyezi 8 chisamutsireni DNS yathu ku Cloudflare

Patha miyezi 8 chisamutsireni DNS ya webusayiti ya shopu yathu ya nsalu ku kampani ya Cloudflare, pa akaunti yaulere. DNS ndi njira imene imasandutsa dzina la webusayiti kukhala adiresi ya IP, nambala imene makompyuta amapezera seva yosunga webusayitiyo. Tsiku losamukalo mtima sunakhale m'malo. Pa kompyuta yanga pankatuluka tsamba latsopano, koma madzulo achemwali anga anaimba ali ku Mzuzu kuti pa foni yawo akuonabe lakale, mitengo yakenso yakale. Panapita masiku awiri kuti tonse tiziona chimodzimodzi.

Poyamba ndinkayesa kuti zosinthazo zimachita kuyenda, kuchoka pa seva iyi kupita pa inayo. Si mmene zilili. Seva ya DNS ya kampani imene imakupatsani intaneti ikafunsa adiresi kamodzi, imasunga yankholo ndipo sifunsanso mpaka nthawi yotchedwa TTL itatha. TTL imawerengedwa m'masekondi. Pa madomeni (mayina a webusayiti) a .com, TTL ya ma nameserver, omwe ndi maseva oyankhira dzina lanu amene mumasintha posamutsa DNS, ndi 172800, amene ali maola 48 omwe a hosting amakuuzani kuti mudikire aja. Imeneyo mulibe nayo mphamvu, n'kudikira basi.

Pamene ndakhutira kwambiri ndi pa kusintha adiresi ya IP yokha. Patatha miyezi inayi tinasamukira pa seva ina. Kutatsala masiku awiri ndinatsitsa TTL ya A record (pamene pamalembedwa adiresi ya IP ya webusayiti) kuchoka pa 86400, lomwe ndi tsiku lathunthu, kufika pa 300. Muyenera kutsitsa msanga chonchi chifukwa maseva amene anasunga kale yankho amayenderabe TTL yakale ija. Tsikulo litafika ndinalemba adiresi yatsopano, n'kupita kukateleka madzi a tiyi. Pobwerako ndinafunsa maseva a DNS a 8.8.8.8 ya Google ndi 1.1.1.1 ya Cloudflare kudzera pa nslookup, lamulo la pa kompyuta lofunsira adiresi, onse anayankha adiresi yatsopano. Achemwali nawo anatumiza uthenga pa WhatsApp kuti zatheka. Seva yakale ndinaisiya ikugwirabe ntchito mpaka mawa lake, kuopa kutaya kasitomala.

Chinandisowetsa mtendere kamodzi ndi subdomain yatsopano, kutanthauza dzina lowonjezera kutsogolo kwa dzina la webusayiti yathu. Ndinaitsegula pa browser ndisanailembetse, ndiye seva ya DNS inasunga yankho loti dzinalo kulibe. Nditailembetsa inkakanabe, ngakhale nditalemba ipconfig /flushdns, popeza lamulo limeneli limangoyeretsa pa kompyuta yanu yokha. Inadzatseguka yokha patapita kanthawi. Masiku ano ndimayamba ndalembetsa kaye dzina, kenako n'kuyesa.