Galasi lapawindo, kalilole kapena borosilicate: tiike chiyani pa printa ya 3D?

Bedi la aluminiyamu la printa yanga ya Ender 3, pomwe pulasitiki imayalidwa popanga chinthu, lili ndi kachigwa pakati. Ndikalinganiza makona onse anayi, pakatipo pulasitiki imangoyandama osagwira. Mzere woyamba wa pulasitiki umakhala wokhuthala 0.2 mm basi, choncho kukhota kwa 0.1 mm, kofanana ndi pepala limodzi, kumakwana kuwononga ntchito yonse. N'chifukwa chake ndayesa magalasi anayi oika pamwamba pa bedi.

Kuyeza sikovuta. Imikani rula yachitsulo pagalasi, muwalitse tochi ya foni kuseri kwake. Kuwala kukadutsa pansi pa rula, galasilo ndi lokhota. Muyezenso bedi litatentha.

Galasi lapawindo ndi lotchipa, ndipo odula magalasi m'tauni muno amakudulirani 235 x 235 mm muli chiimire. Limakhala losalala chifukwa kufakitale amaliyala pamwamba pa tini wosungunuka. Koma la 3 mm mukalipana ndi tomanira mapepala limapindika kutsatira bedi, ndiye tengani la 4 mm. Muwauzenso akhule m'mbali ndi sandipepa; ine chala changa chinalawapo.

Kalilole ndi galasi lamtundu womwewo, kungoti sabisa chilema. Musanalipire, yang'anirani mmenemo zitsulo za pawindo. Zikaoneka zowongoka, tengani.

Borosilicate, galasi lopirira kutentha, anthu amamutama kuti ndiye wosalala kuposa onse, koma mphamvu yake si imeneyo. Akatentha amafutukuka pang'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a galasi wamba, motero sathetheka chisawawa. Zimenezi zimathandiza pa pulasitiki ya ABS, yomwe imafuna bedi la madigiri 100 kapena kuposa. Ine galasi lapawindo ndinalichotsa lili lotentha chotero n'kuliika pasimenti m'mawa wina wa mu June, kuzizira kukutsika kuphiri, ndinangomva kuti thee! Koma pa pulasitiki ya PLA, yomwe imangofuna bedi la madigiri 60, kuitanitsa borosilicate kunja n'kudikira masabata angapo ndi kungotaya ndalama.

Galasi la Creality, kampani yopanga Ender 3, lokutidwa ndi carborundum (ufa wolimba kwambiri), limagwira PLA zolimba likatentha, likazizira chinthucho chimadzimatukira chokha. Ubwino womwewo ndiwo umatipweteka kuno: magetsi akazima kwa ola limodzi, bedi limazizira, chinthu chimamatuka, ndipo akayaka palibenso zopitiriza. Komanso ndi galasi la tempered (lolimbitsidwa ndi moto), lomwe nthawi zina limatuluka mu uvuni lili ndi timafunde, ndipo silidulika. Wodula akaliyesa limangoyoyoka ngati mchere wamibulu.

Pulasitiki ya PETG ndiye samalani nayo pagalasi lililonse losakutidwa. Imamatirira mpaka kuzula kachibenthu ka galasi. Pakanipo kaye guluu wa ana asukulu uja.

Panopa ndikugwiritsa ntchito kalilole wa 4 mm. Ndinadulitsa awiri, wina akamazizira patebulo lathabwa wina amakhala ali pa printa.