Pati taimu ya Chemistry pa Kasungu boma: theory ali bho, koma practical mukasake kwina

Amene mukufuna kubwereza Chemistry wa MSCE ndipo mwamva za asa aja ophunzitsa madzulo kuseri kwa msika, ine ndimapita komweko ndiye ndingokuuzani mmene zilili musanatumize ndalama ya mwezi pa Airtel Money. Kalasi ndi chipinda chimodzi cha lendi, mabenchi, bolodi yakuda yopenta pakhoma basi. Anthu timadzadza heve makamaka mayeso a MANEB akayandikira, ukachedwa umakhala pakhomo nkumaonera bolodi chammbali.

Kuphunzitsa kokha asa aja amatha, apo sindinganame. Ambirife tinazolowera kuloweza ma formula osadziwa kuti achokera kuti, iwo salola zimenezo. Nkhani ya percentage composition anabwera ndi thumba lopanda kanthu la urea, lija timathira ku chimanga chikafika m'mawondo, nkutifunsa kuti 46% yalembedwa apayi akuitenga kuti. Kenako anatilembetsa CO(NH2)2, kuphatikiza ma mass onse kupeza 60, ma nitrogen awiri 28, ndiye 28 kugawa ndi 60 nkuchulukitsa ndi 100 ikubwera 46 ndi kakanthu pamwamba. Mkulu wina amene amalima fodya cha ku Santhe anaseka yekha kuti zaka zonsezi akugula feteleza osadziwa kuti nambala ija munthu utha kuiwerengera wekha pa pepala.

Mitundu ya ma reaction amaiyendetsa chimodzimodzi. Decomposition anatipatsa ya miyala ya laimu, CaCO3 ukaiwotcha kwambiri imasweka kukhala CaO ndi CO2, ndipo ndi sitepe yoyamba popanga simenti ngati ya Shayona konkuno ku Kasungu. Neutralisation ndi laimu yemweyo wothira m'munda wa asidi wambiri. Combustion anakhalitsapo pang'ono chifukwa cha mbaula, akuti makala akamayaka m'nyumba yotseka mpweya umachepa ndiye mmalo mwa CO2 pamatuluka CO, ilibe fungo ilibe mtundu, imakagwira magazi malo a oxygen ndipo anthu amangopezeka mmawa osadzuka nyengo yozizira ija ya June. Displacement anaponya msomali mu copper sulphate wa mu kabotolo, patapita kanthawi msomali wafiirira, madzi abuluu aja ayamba kuzilala. Chimenecho ndi chimodzi mwa zochepa zimene tinaona ndi maso.

Pamene ndinawagomera ndi pa organic. Ine alkane ndi alkene zimandisokoneza kuyambira kale, CnH2n+2 uku CnH2n uku, osamvetsa chifukwa chake wina amapanga substitution wina addition. Asa anangoti taganizani mzere wa mu minibasi wa folo folo. Kaboni ali ndi malo anayi basi. Mu methane, CH4, amene ndi alkane, onse anayi akhalapo ma hydrogen ndiye chlorine kuti alowe mpaka wina atsike, ndiyo substitution imeneyo. Mu ethene, amene ndi alkene, muli double bond, malo akadalipo, bromine amangolowa popanda wotsika, ndiyo addition imeneyo, nchifukwa chake bromine water amataya mtundu wake ukamuthira mu alkene koma mu alkane amangokhala chomwecho.

Ndipo samangosiyira pa CH4 + Cl2 kupereka CH3Cl + HCl ayi, amakuimika pa bolodi kuti ufotokoze zikuyenda bwanji. Kuwala kwa dzuwa, UV, kumadula Cl2 pakati kukhala ma radical awiri (ma atomu a chlorine okhala ndi electron yopanda mnzake), radical mmodzi amakatsomphola hydrogen ku methane kupanga HCl nkusiya CH3 ali yekha, CH3 uja amakagwira Cl2 wina kutuluka CH3Cl ndi radical watsopano amene akayambenso zomwezo, ndiye zimangopitirira mpaka ma radical awiri atakumana okhaokha. Mumdima sizichitika. Chlorine akachuluka sizithera pa CH3Cl, zimapita CH2Cl2, CHCl3 amene ndi chloroform, mpaka CCl4. Ukalakwitsa sakunyoza koma sukhala pansi usanakonze, atsikana ena anasiya kubwera chifukwa cha manyazi a pa bolodi omwewa, ine ndimaona kuti nzothandiza.

Vuto lawo organic amamukonda mopyola. Tsiku lina atalemba bromoethane ndi NaOH kupereka ethanol ndi NaBr, mmalo mopitirira analowa mu SN1 ndi SN2, eni ake akuvomera kuti izi mukazipeza ku koleji. Akuti mu SN2 OH amabwera chakumbuyo kwa kaboni nthawi yomweyo bromine akuchoka, sitepe imodzi, pamene mu SN1 bromine amayamba wachoka kusiya carbocation (kaboni wotsala ndi positive charge) kenako OH nkubwera, ndipo zimenezi zimakonda kaboni amene wazunguliridwa ndi makaboni ena atatu. Nzokoma kumva, amene akulota za UNIMA kapena KUHeS adzawathokoza, koma ola lathunthu linapita pamenepo ife ma mole calculation tisanawagwire bwinobwino. Munthu walipira kuti akhoze folomu 4 kaye.

Chachikulu chimene chikusowa ndi zipangizo. Burette ndi pipette, timachubu tagalasi toyezera madzi, palibe, ndiye titration, yothira asidi pang'onopang'ono mu base mpaka mtundu utasintha, timaipanga pa bolodi ndi choko, asa kujambula botolo nkumati apa mtundu wasintha. Amayesetsa ndithu, anawiritsa chidede kupanga indicator, madzi osintha mtundu mu asidi kapena mu base, mu viniga chimafiira kwambiri, mu chidulo chija amayi amaphikira therere chimatembenuka kupita kobiriwira, ndipo soda ndi viniga tinaona thovu la CO2. Koma pa mayeso a practical sakakupatsa chidede, akakupatsa indicator ya phenolphthalein ndi burette yoti uwerenge pansi pa meniscus (kupindika kwa pamwamba pa madzi) dzanja lisakunjenjemera, ndipo zimenezo sungaphunzire pongoyang'ana. Amene muli pa open school yoti ili ndi labu musasiye kupitako poganiza kuti pati taimu yakwanira. Amene mulibe, pemphani aphunzitsi a pa sekondale yapafupi akulowetseni olo Loweruka.

Nthawi amasunga, akati hafu 4 ndi hafu 4, koma magetsi akazima kalasi imatha msanga chifukwa chipindacho ndi chamdima. Manotsi amatumiza pa WhatsApp ngati zithunzi za pa bolodi, zina zosaoneka bwino, ndiye bwerani ndi kope lanu lalikulu muzilemba nokha. Ma past paper amabweretsa koma fotokope mumasonkha. Amene ma symbol a ma element 20 oyambirira sanakhazikike m'mutu ayambe waloweza kunyumba asanabwere, asa aja sabwerera m'mbuyo kukaphunzitsa za folomu 1.