Bala yomwe ndinaonera Alcaraz ndi Djokovic akutuluka mu US Open

Ife okonda tenisi kuno timavutika zedi, ukalowa pa bala iliyonse ma TV onse ndi mpira, ukapempha kuti asinthe tchanelo amakuyang'ana ngati wabalalika mutu. Ndiye lero ndikufuna ndiyamikire kamalo kena kuno ku Blantyre komwe ndinaonera US Open ya 2024, kabala kakang'ono kokhala ndi khitchini kumbuyo. Eni ake ndi bambo achikulire ndithu ndipo TV imodzi ya pakona anatisiyira ife a tenisi basi, olo Loweruka la Premier League sayikhudza.

Chovuta cha US Open ndi nthawi. New York ili m'mbuyo ndi maola 6, ndiye magemu a usiku pa Arthur Ashe, bwalo lalikulu la mpikisanowu, kuno amayamba cha m'ma 1 koloko usiku mpaka kucha. Bambowa sanatseke, anatisiyira mnyamata m'modzi pa kauntala ndi fulasiki ya tiyi. Pamenepa pokha ndikuwapatsa ulemu.

Tsiku la Alcaraz tinalipo ochepa poti aliyense ankati gemu ndi yodziwikiratu, mwana woti chaka chomwecho watenga French Open ndi Wimbledon angaluze bwanji kwa Botic van de Zandschulp wa nambala 74 padziko? Anamukwapula 6-1, 7-5, 6-4 mu raundi yachiwiri. Dzina lake palibe ankatha kulitchula, tinkangoti m'Datchi uja. Anyamata awiri a betting omwe anamuika Alcaraz pa tikiti yawo anangokhala phee maso pa foni, m'modzi mpaka anatuluka panja osamaliza ndi chakumwa chomwe.

Mawa lake kunadzaza, okonda Djokovic anabwera mwa matama kuti njira ya chikho chake cha nambala 25 cha Grand Slam (mipikisano inayi ikuluikulu ya tenisi) yatseguka, paja Djokovic anali atangotenga golide ku Olympics ya Paris mwezi womwewo. Koma Alexei Popyrin wa ku Australia sanamve zimenezo, 6-4, 6-4, 2-6, 6-4, ndipo Djokovic anapanga ma double fault (kuphonya sevisi kawiri motsatizana) 14, zinthu zoti sitinazizolowere kwa iyeyo. Pafupi nane panakhala madala ena omwe amamukonda kwambiri, seti yachitatu itapita kwa Djokovic anaimirira kuomba m'manja okha okha, koma gemu itatha anavula magalasi n'kumawapukuta ndi malaya nthawi yayitali, tiyi wawo atazizira osamukhudza. Zinandikhudza ine. Kenako mkangano unabuka, ena amati onse awiri anatopa ndi Olympics komanso kuchoka pa bwalo la dothi (clay) la ku Olympics kupita pa bwalo lolimba (hard court) la US Open, ena amati tisamuchepetse Popyrin chifukwa anali atangowina ku Montreal. Ine ndili mbali ya achiwiriwa, mnyamatayo ankamenya sevisi mopanda mantha. Ndipo chomwe ndinakonda n'choti wa pa kauntala sanatithamangitse, anatsitsa nyimbo kuti tizimvana mpaka kunja kunayera.

Zolakwika zilipo ndipo sindibisa. Magetsi anazima gemu ili mkati, jenereta inatenga nthawi kuti ilire poti mafuta anali asanathiremo, tinakhala mumdima tikutsatira ma sikolo pa foni imodzi anthu tonse. Chakudya ikangokwana 12 usiku ndi tchipisi chotenthetsanso ndi mazira basi, chamafuta kwambiri. Ku toilet babu linali lakupsa masiku onse awiri. Komanso m'bandakucha kumazizira, tengani jekete ndipo mupangane ndi wa kabaza wanu nthawi idakalipo chifukwa pamsewu sipapezeka kanthu.

Fainolo ya Sinner ndi Fritz ndinakaoneranso komweko, ija inayamba 8 koloko madzulo kuno, ndinapeza babu asintha ndipo chigubu cha mafuta chili pambali pa jenereta chodzaza.