Matambula asanu pakhonde la amalume ku Mufakose: wisiki uti woyenera ndalama yako?

Kwa zaka zambiri ine wisiki ndinkamumwa ngati kwinini: kutsinzina, kugwetsera kukhosi, kenako kuthamangitsa ndi Coke. Munthu akandifunsa kuti wabwino ndi uti, ndinkangoloza wokwera mtengo pashelefu, nkhani n'kuthera pomwepo. Amene anandiphunzitsa lilime ndi amalume anga a ku Mufakose, omwe anachoka ku Dedza ali mnyamata n'kudzakalambira kuseri kwa kauntala ya bala ya hotela ina m'tauni muno.

Loweruka lina m'mwezi wa June, kukuzizira monga mudziwira Harare nyengo imeneyo, tinasonkhana pakhonde pawo anthu anayi: ine, alamu anga ndi anzathu awiri. Aliyense anabwera ndi lake: Gold Blend, Johnnie Walker Red Label, Jameson ndi Bain's. Amalume anatulutsa Black Label amene anakhala mukabati kuyambira pa Khirisimasi. Mabotolo onse analowa kukhitchini, ndipo azakhali ndiwo ankathira m'matambula ofanana, atamata nambala pansi pa tambula iliyonse. Aliyense wa ife sankadziwa chomwe akumwa. Ngati mukufuna kuphunzira, yambirani pamenepa, chifukwa maso akaona lebulo lilime limayamba kunama.

Ine nditangogwira tambula yoyamba ndinafuna kupendeketsa. Amalume anandigwira dzanja. "Mphwanga, ili si thobwa. Yamba wanunkhiza, kukamwa kuli kotsekula pang'ono, ndipo mphuno usailowetse yonse, ikupsa." Kenako kadontho kokha palilime, kukasunga kanthawi, kumeza, n'kukhala chete kumvetsera chomwe chatsala kukhosi. Ukatero uthiremo madzi osapitirira supuni yaing'ono n'kuyambiranso. Madzi amafewetsa ukali wa mowa, fungo lomwe linabisala n'kutuluka. Koma akhale a m'botolo kapena a pamjigo, chifukwa a pampopi akabwera ndi fungo la mankhwala muzingolawa mankhwalawo. Ayisi amalume anakaniratu. Kuzizira kumatseka fungo, ndiye pophunzira alibe ntchito.

Kwa ife amene tinakula tikuona kachasu akutchezedwa, nkhani ya wisiki si yachilendo. Pamafunika chimera, monga cha masese, kungoti kwa azungu chimakhala cha balere. Amafulula, mowa n'kusasa, kenako amatcheza. Woyamba kudontha, uja kwathu timati mutu, iwo samuika m'botolo, ndipo wakumapeto wamadzimadzi uja amamupatulanso. Amasunga wapakati yekha. Pomwe tasiyana ndi pamgolo. Kachasu amamwedwa akadali wofunda, pomwe wisiki wa ku Scotland lamulo limati agone mumgolo wa mtengo wa oak zaka zosachepera 3, ndipo mphamvu yake isatsike pa 40%. Mbali yaikulu ya kukoma kwake imachokera m'thabwa limenelo.

Tambula yomwe ambiri tinaizindikira msanga inali ya Black Label, chifukwa cha utsi. Si utsi wa moto wolilima ayi, koma uja umatsalira pa mlamba wowamba, kapena pa jekete la munthu amene wachezera pambaula. Pansi pa utsiwo pali kutsekemera kwa mphesa zouma, ndipo ukameza kukoma kwake sikuthawa, kumakhalitsa kukhosi mpaka mnzako amalize nkhani yake. Utsiwu umachokera ku dothi lakuda la m'madambo a ku Scotland lotchedwa peat, lomwe ndi zomera zoola za zaka zikwizikwi. Mafakitale ena, makamaka a pachilumba cha Islay, amalisonkhezera poumitsa chimera. Black Label ndi blend, kutanthauza kuti anasakaniza wisiki wa mafakitale ambiri, ndiye utsiwo ndi wongokometsera. Nambala 12 ili pabotolopo ndi zaka za wisiki wamng'ono kwambiri mwa onse amene alowamo.

Mng'ono wake Red Label alibe nambala ya zaka, choncho chomwe tikudziwa n'chakuti wakwanitsa zitatu za lamulo zija. Ukawaika pafupi ndi mkulu wakeyo ubale umamveka, kautsi kalipo, koma uyu ndi wothamanga magazi: amaluma palilime ngati tsabola ndipo amazimirira msanga. Anzathu awiri anamuika kumapeto ali yekha. Koma titathiramo jinja, tambula imeneyi ndiyo inayamba kutha, chifukwa ukali womwewo ndi umene umamuthandiza kuti asamire m'chakumwa chotsekemera. Amene mumamwa mosakaniza, musavutike kulipira pafupifupi kawiri kaamba ka Black Label. Zaka 12 zija mudzangozimiza mu Coke.

Jameson ndi wosiyana ndi onse awiriwa. Ndi wa ku Ireland, anayambira ku Bow Street mumzinda wa Dublin mu 1780, ndipo masiku ano amapangidwa ku Midleton, m'dera la Cork. Amatchezedwa katatu, pomwe ambiri a ku Scotland amatchezedwa kawiri, ndipo utsi mulibe. Fungo lake ndi la apulo wobiriwira ndi vanila, pakamwa ndi woterera, sakanda kukhosi. Alamu anga anati uyu ndiye wodula kuposa onse, ndipo analumbira kuti ndi Black Label. Ambiri timalakwa pamenepa, timayesa kuti kufewa ndiye kudula. Ine ndimamuona ngati mlendo waulemu: sakhumudwitsa aliyense, koma akachoka sukumbukira bwino zomwe wanena. Ngati kukubwera apongozi ndipo simukudziwa chomwe amakonda, gulani ameneyu. Kungoti dzina lake latchuka kwambiri m'mabala a mu Harare, ndiye pamtengo wake mukulipirirapo ndi dzinalo.

Amene anandidabwitsa ndi Bain's, ndipo pano ndichedwapo. Nditanunkhiza ndinamva tofi ndi nthochi yakupsa, kenako kanthu kena kondikumbutsa chigumu chongophulidwa kumene. Ndinauza amalume kuti tambula iyi ikununkhira kwathu. Iwo anangoseka osayankha, ndipo mabotolo atatuluka kukhitchini ndinamvetsa: Bain's amapangidwa ndi chimanga chokhachokha. Amachokera ku fakitale ya James Sedgwick ku Wellington, kufupi ndi Cape Town, komwenso amapanga Three Ships. Amagonekedwa m'migolo yomwe kale munali bourbon wa ku America, kenako amamusamutsira m'migolo ina ya mtundu womwewo. Nkhani ya migoloyi ndi yosangalatsa. Lamulo la ku America limati bourbon apangidwe ndi chimanga chosachepera 51% ndipo agone mumgolo watsopano wowauliridwa mkati ndi moto. Mgolo ukagwira ntchito kamodzi sungathenso kupanga bourbon wina, ndiye amaigulitsa ku Scotland, ku Ireland ndi ku South Africa. Vanila amene mumamumva mu Jameson ndi mu Bain's gwero lake ndi limenelo. Komanso ku Wellington kumatentha kuposa ku Scotland, choncho mowa umalowerera m'thabwa msanga, ngakhale kuti wouluka mumgolo umachulukanso. Ku Scotland amataya pafupifupi 2% pachaka. Bain's anapatsidwa ulemu wa wisiki wabwino koposa wa gulu lake pa World Whiskies Awards mu 2013 ndiponso mu 2018, koma m'sitolo muno kawirikawiri mumupeza pansi pa Black Label pamtengo.

Chilema chake chilipo. Ndi wotsekemera, ndipo tambula yachitatu imatha kukukola ngati wadya switi wambiri. Amalume, omwe lilime lawo linazolowera utsi, anati ndi wabwino koma ndi wa ana asukulu. Ine sindinavomere.

Gold Blend ndi wathu wa konkuno, wa African Distillers, ndipo pa kutchipa palibe mwa anayi enawo amene angamuyandikire. Ali yekha m'tambula ndi wopepuka, fungo la mowa weniweniwo limabwera patsogolo, ndipo ukameza nkhani yatha. Sindingamuike pampikisano umodzi ndi wa zaka 12, kungakhale kumulakwira. Ntchito yake ndi ina: paukwati, pachinkhoswe, kapena pa gochi-gochi kwa Mereki ku Warren Park, pomwe anthu ndi khumi ndi awiri, nyama ili pamoto ndipo aliyense akuthira jinja ndi ayisi. Pamenepo kutsekula botolo lodula ndi kutaya ndalama.

Jack Daniel's panalibe tsiku limenelo, koma wina afunsa. Ndi wa ku Lynchburg ku Tennessee, chimanga ndicho chochuluka, ndipo asanalowe mumgolo amadonthetsedwa m'makala a mtengo wa sugar maple. Amene wakonda Bain's uyunso amukonda, kungoti thabwa lowauka limamveka kwambiri ndipo thumba lipepukirapo. Za single malt, monga Glenfiddich 12, mawuwo amangotanthauza kuti ndi wa chimera cha balere chokha ndiponso wa fakitale imodzi. Si chikalata chotsimikiza kuti aposa blend aliyense. Amenewo muyambe mwalawa toti imodzi pabala musanagule botolo.

Pali zinthu ziwiri zomwe zimatinamiza m'sitolo. Choyamba ndi mtundu. Timaganiza kuti wofiirira kwambiri ndiye wokhwima, chonsecho lamulo la ku Scotland limalola kuthiramo kalamelo wongokometsera maonekedwe. Chachiwiri ndi kusunga. Wisiki akachoka mumgolo wasiya kukula. Botolo la zaka 12 la amalume lija, ngakhale litakhala mukabati mpaka adzukulu akwatire, lidzakhalabe la zaka 12.

Tsono kawerengedwe ka ndalama. Ine ndinasiya kuyang'ana mtengo wa botolo, ndimawerenga wa toti. Botolo la 750 ml limatulutsa matoti 30 a 25 ml. Ngati mabotolo awiri asiyana ndi madola 10, ndiye kuti pa toti asiyana ndi masenti 33 okha. Kwa munthu womwa matoti awiri Lachisanu madzulo, botolo limodzi limamufikitsa miyezi itatu, ndipo kuwonjezera madola 10 amenewo n'kwanzeru. Kwa amene botolo limatha usiku umodzi ndi anzake, masamu ake ndi ena. Yang'ananinso kukula kwa botolo ndi mphamvu yake: ambiri obwera kudzera ku South Africa amakhala a 750 ml ndipo ena ndi 43%, pomwe a ku Ulaya amakhala a 700 ml ndipo ambiri ndi 40%. Mabotolo awiri a dzina limodzi angaoneke ofanana pashelefu, lina lili ndi matoti awiri ocheperapo.

Kutchipa kwina n'koopsa. Chaka chatha ndinagula botolo la dzina lotchuka kwa mnyamata wina wogulitsira m'buti ya galimoto m'tauni, pa theka la mtengo wa m'sitolo. Anati labwera ndi amalaicha, onyamula katundu wodutsa malire aja, kuchokera ku Beitbridge. Kunyumba chitsekerero chinangozungulira osalira kuti thwa, lebulo inali yomatidwa mokhota, ndipo fungo lake linali la sipiriti wa kuchipatala wothira shuga wopsereza. Ndinakhuthulira m'sinki, mtima ukuwawa. Mabotolo opanda kanthu a mayina akuluakulu amatoledwa n'kudzazidwanso, ndipo mowa wosadziwika kochokera utha kukhala ndi methanol, amene amachititsa khungu ngakhale kupha kumene. Gold Blend weniweni wa m'sitolo yodziwika aposa kutali botolo lonyezimira la m'buti. Za tumbwa ndi musombodhiya, mowa waukali wogulitsidwa mwakabisira uja, sindinena n'komwe, tonse taona zomwe zachita kwa anyamata m'makomboni muno.

Ndiye mukandifunsa kuti ndigule uti, yankho langa ndi ili. Wongoyamba kumene kuphunzira, amene akufuna botolo limodzi lomwa ndi timadzi pang'ono, atenge Bain's. Ndi wosavuta kumumva, ndipo lilime lokulira chimanga limamuzindikira msanga. Mwezi wotsatira musonkherane awiri kapena atatu mugule Black Label, muwaike pamodzi, chifukwa kusiyana kwa chimanga chotsekemera ndi chimera chautsi ndi kumene kumatsekula mphuno. Mukamva kusiyana kumeneko, Jameson ndi Red Label mudzawapezera malo awo nokha. Ndipo musapitirire matambula anayi kapena asanu pa tsiku limodzi, timatoti tating'ono, madzi akumwa ali pambali. Kupitirira apo lilime limachita dzanzi ndipo onse amakoma mofanana.

Tsiku lija mavoti anatha motere: awiri Bain's, alamu anga Jameson, mnzathu mmodzi Black Label. Amalume sanavote. Anangotenga botolo lawo, n'kuliyang'anitsa pa getsi kuona pomwe lafika, n'kulibwezera mukabati, kiyi m'thumba. Azakhali anatulukira ndi nsima ya matemba a ku Kariba n'kutiuza kuti amene abwera ndi galimoto asiye makiyi patebulo, akwera kombi.