Mphira wa m'akakolo kapena jombo zolumikiza: kusankha drysuit ya m'madzi ofunda

Munthu wa ku Mulanje kapena ku Thyolo amene amagwira ntchito pansi pa madzi, kaya m'madamu a m'minda ya tiyi kaya ku Nyanja ya Malawi, akamaitanitsa drysuit, suti yosalowa madzi yovala pomira, amayenera kusankha mmene miyendo yake ithere: ndi mphira wothina m'akakolo, phazi n'kutsala kunja, kapena ndi jombo zolumikiziratu ku suti. Ogulitsa akunja amayankha nkhaniyi poganizira kuzizira, chifukwa ndiko kumawavutitsa kwawoko. Kwathu kuno madzi a pamwamba ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay amakhala pakati pa madigiri 23 ndi 28 pafupifupi chaka chonse, ndipo phazi lovala kansapato wamba ka neoprene (mphira wofewa wa zovala za m'madzi) silidandaula. Suti yosalowa madzi imafunika kwa amene amakhalitsa pansi kapena kulowa kangapo pa tsiku, makamaka mu June ndi July pamene mwera ukuomba. Choncho muyezo wathu ukhale wina: likodzo, chinyezi, ndi kumene tingapeze zokonzera.

Mphira wa m'akakolo uli ndi ubwino woonekeratu. Suti imapepuka, imapindika bwino m'chikwama pa ulendo wa basi wopita ku Monkey Bay, ndipo nsapato ndi zipsepse zopalasira madzi zimene munali nazo kale zimagwirabe ntchito. Anthu awiri ofanana msinkhu koma osiyana mapazi angathe kubwerekana suti imodzi. Chachikulu n'chakuti suti yotere imatembenuzika yonse mosavuta, ndipo zimenezi si zazing'ono kwa wokhala m'munsi mwa phiri. M'madzi ofunda mkati mwa suti mumanyowa ndi thukuta ngakhale dontho limodzi lisanalowe, ndipo chiperoni chikakhazikika kwa masiku angapo, chovala chosauma bwino chimachita chuku ndi kuyamba fungo. Jombo zolimba sizilola kutembenuzidwa mpaka ku zala za kumapazi, motero kumapazi kumatsala chinyezi kufikira mutaikamo nyuzipepala zakale kapena kupachika suti chadodolido pamalo opita mphepo.

Vuto la mphirawo ndi moyo wake. Latex imene amapangira mphirawu imadana ndi dzuwa, kutentha, mafuta odzola ndi mankhwala othamangitsa udzudzu, zinthu zimene sitisiyana nazo. Ikayamba kutha imamata m'manja ngati ulimbo, kenaka imaoneka timing'alu m'mphepete, ndipo tsiku lina chidendene chikamadutsa imang'ambika kuchokera pamlomo mpaka pamsoko. Chikhadabo chimodzi chosawenga chimatha kuononga mphira watsopano. Paudala wopanda mafungo amathandiza povala, koma sachotsa mfundo yakuti mwaonjezera malo awiri othina pa atatu amene analipo kale, a m'khosi ndi a m'mikono. Kwa anthu owonda, kuseri kwa akakolo kuli timaenje m'mbali mwa mtsempha, ndipo phazi likamapalasa madzi amalowera pamenepo pang'onopang'ono. Mphira wina ndi guluu wake muyenera kuitanitsa kunja, nthawi zambiri ku South Africa, ndi kudikira.

Jombo zolumikiza zimachotsa mavuto onsewa, ndipo zimavalika msanga. Zimapirira miyala ya m'mbali mwa nyanja ndi zitsa zobisika m'matope a m'damu. Koma saizi yake ndi imodzi, ndipo ikalakwika mwalakwitsa suti yonse, pokhapokha mutapeza mmisiri wodziwa kuzidula ndi kumata zina. Kawirikawiri zimafuna zipsepse zazikulupo. Palinso nkhani ya mpweya: mutu ukatsika, mapazi n'kukwera, mpweya wa m'suti umathamangira m'jombo, umazifufumitsa, ndipo ungathe kuvula zipsepse kapena kumukweza munthu chamiyendo, pamene valavu yotulutsira mpweya ili paphewa, pansi pa thupi. Ndi mphira wa m'akakolo, mpweya wina umapulumukira pomwepo, ngakhale kuti madzi amalowanso. Ena amautamanda pa chifukwa chimenechi, koma ine ndimaona kuti mankhwala enieni ndi kuika mpweya wochepa m'suti ndi kuphunzira kudzitembenuza, pakuti chovala sichingalowe m'malo mwa maphunziro.

Chimene chimandikokera ku mbali ya phazi lotsekeredwa ndi likodzo. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi odekha, ofunda, a udzu, ndipo timaboola khungu lathanzi popanda bala. Malo oopsa kwambiri ndi m'mphepete, pamene munthu amaima nthawi yaitali madzi ali m'mawondo, akukonza zida kapena kudikira bwato, ndipo magombe ena a ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear, amadziwika ndi matendawa. Kansapato ka neoprene kamadzaza madzi omwewo. Wovala jombo zolumikiza amaima pamenepo khungu la kumapazi lili louma. Sikuti watetezeka kotheratu, chifukwa manja ndi nkhope zimanyowabe akamira, ndipo kukayezetsa ndi kumwa mankhwala a likodzo a praziquantel pamene achipatala anena kumafunikabe, koma wachepetsa khungu limene limakhudza madzi pamalo oipitsitsa.

Pali njira yachitatu imene ndingamuuze aliyense wogwira ntchito m'madamu kuti aifunse: masokosi ofewa osalowa madzi, omatidwa ku suti, ovalira nsapato ina pamwamba. Phazi limauma, suti imatembenuzika, ndipo nsapato ikatha mumagula ina osakhudza suti. Chofunika ndi kusapondapo pansi musanavale nsapatoyo, chifukwa kamwala kamodzi kamaboola. Mphira wa m'akakolo ndingamusiyire wolowa m'madzi kuchokera m'bwato, kutali ndi gombe, monga ku chilumba cha Thumbi. Ndipo amene akuganiza zogwiritsa ntchito suti yomweyo m'maiwe a m'phiri ngati Dziwe la Nkhalamba ku Likhubula aiwale za phazi lakunja, pakuti madzi otsika m'phiri la Mulanje amachititsa dzanzi zala m'mphindi zochepa.