Malo ogona ku Putre: mnyamata wapakauntala ayi, koma adalaivala awo ndi munthu

Nyenyezi zitatu, ndipo ziwiri mwa izo ndi za adalaivala.

Tinachokera ku Arica, mzinda wa m'mbali mwa nyanja yamchere kumpoto kwa Chile, pa msewu wa 11-CH wodzaza mathiraki opita ku Bolivia, n'kufika ku Putre madzulo. Chipinda n'chaukhondo, mabulangete ndi ambiri, madzi otentha amabwera mwa apo ndi apo. Hita anatilonjeza polipira, koma titafika mnyamata wapakauntala anati ili ndi mtengo wake pamwamba pa mapeso omwe tinapereka kale. Pa mamita 3,500 usiku sungalimbane ndi munthu za mtengo, tinangolipira.

Chomwe chinandiwawa si hitayo. Ndinamufunsa bwinobwino ngati tingakwere ku nyanja ya Chungará m'mawa mwake kapena tiyambe tapuma kaye. Maso ali pafoni, anati palibe vuto, aliyense amapita. Galimoto yopititsa alendo kumeneko inali ndi mipando iwiri yopanda anthu, iye ankangofuna idzaze, basi. Chungará ili pa mamita oposa 4,500. Munthu amene dzulo lake anali m'mbali mwa nyanja yamchere sumutumiza kumeneko choncho, ndipo wogwira ntchito pamalo ngati amenewa sanganene kuti sadziwa.

Akazi anga anayamba kudandaula mutu tisanafike kumudzi wa Parinacota. Pofika kunyanja milomo inali itachita bii, akusanza, kuyenda kuli dzandidzandi. Phiri la Parinacota linali poteropo, pamwamba pali mbee, anzathu ali kalikiliki kujambula, ine mtima uli m'malere.

Adalaivala, bambo wachikulire wa mtundu wa Aymara, wosalankhulalankhula, anangowayang'ana kamodzi. Anatulutsa kabotolo ka okosijeni, n'kuwakhazika mpando wakutsogolo, n'kuwafunditsa jekete lawo. Kenako anauza alendo enawo mwaulemu, koma osapempha, kuti tikutsika. Wina ananyinyirika kuti walipira tsiku lathunthu. Iwo anangoyankha kuti matenda a puna, odwalitsa munthu akakwera pamwamba kwambiri, mankhwala ake ndi kutsika, n'kuliza galimoto. M'fulasiki mwawo munali tiyi wa chachacoma, kachitsamba kowawa ka kumapiriko. Anathira m'chivindikiro n'kugwirizira ndi manja awo ong'aluka ndi mphepo mpaka akazi anga atamwa pang'onopang'ono. Titafika ku Putre anatiperekeza kuchipatala chaching'ono cha m'tauniyo, n'kukhala nafe pabenchi mpaka anamwino atatilola kupita. Ndinapinda ndalama kuti ndiwapatsire, anandibwezera m'thumba la malaya. Bambo amenewa sindidzawaiwala.

Apa ndiyenera kunena chilungamo. Mayi mwini malowo atamva, anabwera okha kuchipinda ndi supu wa quinoa, anatibwezera ya hita ija, n'kunena kuti tidzakwerenso osalipira thupi likazolowera. Tinakhala kaye m'tauni, kuyendayenda m'minda ya oregano, kukaviika miyendo ku akasupe otentha a Jurasi, kudya nyama ya alpaca, chiweto chaubweya cha kumeneko, yomwe amaiphika bwino ndithu.

Ulendo wachiwiri m'nkhalango ya Lauca unali wina. Adalaivala omwe aja ankaima pafupipafupi kuti tipume. Pa Las Cuevas anationetsa ma vizcacha, tinyama tonga akalulu, akuwothera dzuwa pamiyala, ma vicuña, nyama zakutchire zofanana ndi alpaca, akudya chapatali, ndi llareta, chomera chobiriwira cholimba chomwe ungachiyese mwala. Anati chimakula pang'onopang'ono kwambiri ndipo kale anthu anachizula chochuluka kukasonkhezera moto kumigodi. Ku Parinacota anavula chipewa polowa m'tchalitchi choyera chofolera udzu chija, nafenso tinatero.

Mukapita, gonani kaye ku Putre musanakwere, funsani za hita musanalipire, ndipo nenani kuti mukufuna adalaivala achikulirewo. Mnyamata uja mpaka tsiku lochoka sanafunse n'komwe kuti mayi adzuka bwanji.