Matumba a PICS: amasunga chimanga, koma chosauma ayi

Chimanga chimene mlimi wa ku Mangochi akukolola zaka zino ndi chochepa kale, sichofunikanso kugawana ndi anankafumbwe. Mu March 2024, ng'amba ya El Niño itapsereza minda, Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Zambia ndi Zimbabwe analiranso chimodzimodzi chaka chomwecho, moti kokagula chimanga chotchipa m'maiko amenewa kunalibe. Komanso kukatentha tizilombo timadya kwambiri ndi kuswana msanga, ndipo kutentha kwa ku Monkey Bay kapena Makanjira sikofunika kufotokozera munthu. N'chifukwa chake matumba a PICS, osungiramo mbewu osalowa mpweya, amene amapezeka m'mashopu a zipangizo zaulimi, ndi oyenera kuwaunika bwino.

Matumbawa anachokera ku kafukufuku wa Purdue University ku America, ndipo poyamba anali osungira khobwe ku West Africa. Thumba limodzi lili ndi zigawo zitatu: mapulasitiki awiri okhuthala m'kati, ndi saka wamba kunja. Mankhwala mulibe. Mukamanga, tizilombo timene tinalowa ndi chimanga timatha mpweya wotsalawo n'kufa, mazira osapita patali. Nyemba, nandolo ndi khobwe zimasungikanso bwino. Ubwino umene amayi amauona msanga ndi wakuti chimanga chimapita kuchigayo popanda fungo la mankhwala.

Koma thumbali silimaumitsa chimanga. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Chinyezi chiyenera kutsika kufika pa 13 peresenti kapena kucheperapo, apo ayi chimanga chimachita thukuta m'pulasitiki, n'kuchita nkhungu ndi fungo lowawasa. Makina oyezera chinyezi ndi osowa kumudzi, choncho tengani botolo lagalasi louma, ikanimo chimanga pang'ono ndi mchere wouma, tsekani, khutchumulani, dikirani kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, bwezerani chimangacho padzuwa. A ku Namwera, kumene kumazizira kuposa kunyanja, asathamangire kulongedza atangotonola. Ndipo chimanga chochokera padzuwa chiyambe chazizira pamthunzi.

Musanathire, kolani mpweya m'pulasitiki iliyonse, gwirani kukamwa, finyani pang'ono. Ikaphwa ndiye kuti yabooka, ndipo kabowo ngati ka singano n'kokwanira kuti ntchito yonse ipite m'madzi. Petani chimanga bwinobwino, chifukwa tizidutswa ta zitsononkho ndi timiyala timabaya pulasitiki kuchokera m'kati. Osadzaza mpaka kukamwa, siyani malo omangira. Finyani mpweya utuluke, potokolani kukamwa kwa pulasitiki yam'kati, pindani, mangani ndi chingwe kapena mphira. Yachiwiri chimodzimodzi, kenako saka. Kumanga zonse zitatu ndi chingwe chimodzi ndi ulesi wodula.

Zofooka zilipo. Makoswe saopa pulasitiki, ndiye matumba akhale pa thandala kapena pa matabwa, atalikirane ndi khoma, pansi pakhale posesa. Kwa okhala m'mbali mwa nyanja ya Malawi, Malombe ndi mtsinje wa Shire, thandalalo likwezeke ndithu. Madzi a nyanja atakwera mu 2024 analowa m'nyumba zambiri m'boma la Mangochi. Nankafumbwe wamkulu, uja amaboola ndi mitengo yomwe, nthawi zina amaboola pulasitiki ngati chimanga chinalowa chitagwidwa kale kwambiri, choncho musachedwe nacho m'munda kapena m'nkhokwe. Kutsegulatsegula nakonso kumalowetsa mpweya watsopano. Chakudya cha mwezi uno chikhale m'saka wamba, PICS akhale wa chimanga cha January ndi February, pamene mavenda amakhala atakweza mtengo.

Mtengo wa thumba la PICS ndi wokwera kangapo kuposa saka wamba, ndipo umafunika nthawi yokolola pamene m'thumba muli mbee. Amene akugulitsa chimanga chake pakangotha milungu ingapo asadzivute. Amene akusunga miyezi isanu kapena kuposerapo agule, pakuti thumba losamalidwa limatha kugwira ntchito zaka zitatu osagulanso mankhwala. Pogula tambasulani mapulasitiki onse awiri pashopu pompo, muone msoko wapansi. Chimanga chikatha, kutumulani thumbalo, pindani, muike m'ndowa yotseka momwe khoswe ndi dzuwa sizifika.